Za makompyuta a ku Leeds aja, pa gulu la chitukuko cha kwathu

Esnart Leeds: Moni nonse abale anga. Sukulu imene amaphunzira mwana wanga kuno yagula makompyuta atsopano ndiye akale aja amafuna kutaya, ine ndawapempha avomera kutipatsa 24 oti apite ku sukulu ya pulayimale ya kwathu, ma desktop athunthu ndi ma keyboard omwe. Chatsala ndi ndalama yokwezera pa kontena ndi yokatulutsira ku Lilongwe. Ndafunsa, zonse pamodzi ndi K3.6 miliyoni. Ine ndiikapo theka, theka linalo tisonkherane. Andipatsa mpaka kutha kwa mwezi uno, tikachedwa apatsa ena

Yamikani Joni: Eeeh Ambuye akudalitseni asisi 🙏🙏

Mai Naphiri: zikomo mwana wathu

Dalitso Sola: Magetsi ake ati?

Yamikani Joni: Iwe Dalitso wayambapo kale malonda ako kkkkk

Dalitso Sola: Ayi aise ndikufunsa zenizeni. Desktop ilibe batire, ikufuna magetsi nthawi zonse. Mapolo anathera pa trading, ku sukulu kulibe ndi babu lomwe. Makina 24 pa sola si nkhani ya ka panelo kotchajira foni ayi, pakufunika inveta yaikulu ndi mabatire angapo, ndalama yake ikhoza kuposa ya kontenayo

A Chair: Tiyeni tiyambe tathokoza kaye, za magetsi tiziona

Sir Mbewe: Ndapereka moni kwa a Chair ndi nonse. Esnart mwana wanga wachita bwino, mayi ako akanakhala moyo akanalulutira. Koma mundilole ndilankhule monga munthu amene wadya fumbi la choko pa sukulu yomweyo mpaka kupuma. Mawu akuti tiziona amenewa ine ndawamva kokwana.

Sir Mbewe: Ine ndinayamba Sub A, kalasi yoyamba ya nthawi imeneyo, ndi sileti. Ana a lero sakuidziwa. Kamwala kakuda kophwatalala, m'mbali mwake muli matabwa, cholembera chake nachonso cha mwala. Ukalemba samu aphunzitsi achonga, iwe walavulirapo malovu nkupukuta ndi malaya, walembanso zina. Kunyumba sumapita ndi notsi, umapita ndi zimene zalowa m'mutu basi. Amene analibe sileti amasalaza mchenga ndi dzanja nkumalemba ndi chala, aphunzitsi akuyenda mzere ndi mzere kuwerama. Sukulu zimenezo zinali za mishoni, a Dutch aja anafika ku Mvera 1889 kenako ku Nkhoma 1896 ndi amene anamwaza sukulu m'midzi muno. Boma la atsamunda linadzatsegula dipatimenti ya maphunziro mochedwa, 1926. Sileti inalimba zaka zonsezo chifukwa sinkafuna kanthu kwa wina aliyense. Ikasweka umalembera pa chibenthu chake.

Yamikani Joni: Sir ndiye mukuti tiitanitse masileti ku Leeds? 😂

Sir Mbewe: Yamikani khala chete, unkalemba 7 chagada mpaka Sitandade 3, ndikukumbuka.

Sir Mbewe: Kenako kunabwera wailesi. MBC inkaulutsa maphunziro a m'sukulu, ife aphunzitsi achinyamata tinkaona ngati kwatha, ana amva Chingerezi chenicheni. Wailesi inalipo, mabatire ndi amene ankasowa. Tinkawayanika padzuwa pa zenera la ofesi kuti akokeko pang'ono. Nthawi ya pulogalamu ikakwana ana akhala phee pansi pa mtengo, wailesi ili tsoo tsoo, mawu akumveka ngati akuchokera m'chitsime. Patapita nthawi wailesi ija inakakhala ku nyumba ya ahedi ati kuopa akuba, ndipo mpira Loweruka umamveka bwino ndithu. Mabatire a mpira ankapezeka.

Mai Naphiri: kkkk zoona sir timakamvera komweko

Sir Mbewe: Cha m'ma 2008 kunabweranso Tikwere, pulogalamu ya maphunziro a pa wailesi ya ndalama za USAID. Imeneyo inali yoganiza bwino, wailesi zake zopukusa ndi dzanja komanso zotchaja padzuwa, za mabatire anachotsapo. Mphindi 30, wa pa wailesi akulankhula kenako akusiya kampata kuti ana ayankhe, aimbe, aimirire. Ana a Sitandade 1 ankaikonda kwabasi. Koma chopukusira chikathyoka ndani ankakonza? Pulogalamu itatha wailesi zija zinalowa mu kabati. Kafunseni ahedi a pano atsegule kabati ya kumanzere mu ofesi muja, mwina zikadalimo pamodzi ndi makina opukusa mayeso aja a sitensulo amene inki yake inasowa kalekale.

Esnart Leeds: Sir ndikukumvani koma dziko lasintha. Kuno mwana wa zaka 6 akudziwa kompyuta, athu akufika Form 4 asanagwirepo mouse. Mpaka liti?

Sir Mbewe: Ine sindikukana kompyuta. Ndikufunsa zinthu zimene palibe amafunsa chinthu chikamabwera. Chikhala chipinda chiti? Buloko ya Sitandade 1 ndi 2 ilibe chitseko, mbuzi zimagona momwemo, m'mawa ana amayamba asesa zitosi. Mazenera ndi mabowo a njerwa chabe. Kiyi asunga ndani? Mlonda amulipira ndani? Ikafa akonza ndani? Ndipo aphunzitse ndani, poti aphunzitsi ambiri sagona pa sukulupo, amapalasa kuchokera pa trading chifukwa nyumba palibe. Ndiye tafika pa nkhani ya nyumba.

Yamikani Joni: Ehee 🔥🔥 yafika

A Chair: Sir chonde tisabwerere kumbuyo

Sir Mbewe: Tibwerera a Chair. 2019 tinasonkha pano ndalama ya nyumba ya aphunzitsi. Ine wa penshoni ndinapereka. Amayi anatunga madzi, anyamata anaumba njerwa, kuotcha uvuni ziwiri. Nyumba ija lero ili pa windo, mkati mwamera chisoso ndi mpapaya woti ukubereka. A Zuze ndinu msungichuma, musanatipemphe ina tiuzeni ya nyumba inapita kuti.

Msungichuma Zuze: Sir nkhani imeneyi ndinafotokoza kale pa msonkhano wa pa Khirisimasi, inuyo munachoka msonkhano usanathe

Sir Mbewe: Ndinachoka chifukwa munkawerenga za pamtima. Kope linalibe.

Msungichuma Zuze: Kope lilipo. Tinagula simenti matumba 40, mafelemu a zitseko 3, kulipira mmisiri theka. Kenako Covid, sukulu anatseka Malichi 2020, mmisiri anapita ku Tete osabweranso, simenti ina inauma mu ofesi chifukwa denga limadontha. Ine ndikanatani?

Yamikani Joni: Inauma matumba angati a Zuze, timve nambala

Msungichuma Zuze: Sindingakumbukire pamtima pano, kope lili kumudzi

Yamikani Joni: Kope limeneli limakhala kumudzi inu mukakhala ku town, mukapita kumudzi limabwera ku town 😂😂 ife tikutsuka mbale m'ma restaurant kuno kutumiza ma rand inu mukuti inauma

Msungichuma Zuze: Yamikani unapereka R200 yokha, usamalankhule ngati unagula malata

Yamikani Joni: Ndiye R200 yangayo ndi imene ndikuifuna

Madam Chisomo: Pepani akuluakulu ndilowererepo, ine ndikuphunzitsa ku sukulu imene inalandira matabuleti a BEFIT ndiye mwina zingathandize. Pulogalamu imeneyi ndi ya unduna wa zamaphunziro, inayamba 2023 ndi sukulu 500, cholinga nchoti ifike sukulu zonse za pulayimale za boma, Sitandade 1 mpaka 4. Sinayambe dzulo, anayesera kaye kuyambira 2013 pa Biwi ku Lilongwe, a mabungwe a VSO ndi onebillion. Matabuleti amabwera ndi sola yake ndi kabati yachitsulo yotchajiramo, safuna intaneti, maphunziro ali kale mkati ndipo ndi a m'Chichewa, kuwerenga ndi masamu. Mwana amavala mahedifoni, akugwira yekha ndi chala, akalakwa imamubweza akachita bwino imamupititsa patsogolo. Ana amasinthana magulu, tabuleti imodzi imagwira ana angapo pa tsiku

Madam Chisomo: Zimene ndaona ine, mwana wamanyazi uja amene m'kalasi ya ana 130 sangakweze dzanja chaka chonse, pa tabuleti amayankha chifukwa palibe womuseka. Koma vuto lake ndi lomwe akunena Sir, zimafuna chipinda chotsekeka bwino komanso mphunzitsi woti azitulutsa, kuwerenga, kupukuta, kubwezera pa chaji tsiku ndi tsiku, ntchito imeneyo ndi yambiri ndipo mahedifoni ana amadula zingwe. Ndiye maganizo anga, mmalo mwa desktop za Chingerezi zoti mwana wa Sitandade 2 sangapindule nazo, bwanji tikonze chipinda chimodzi, chitseko chachitsulo, mabagala, denga losadontha, kenako a komiti akafunse a PEA, mlangizi wa sukulu za pulayimale m'zoni yathu, ku ofesi yao ku TDC kuti sukulu yathu ili pati pa mndandanda

Sir Mbewe: Mwamva? Ameneyu ndinamuphunzitsa ine.

Esnart Leeds: Ndiye makompyutawa ndiwakane? Mukudziwa mmene ndavutikira kuti andipatse?

Madam Chisomo: Ayi asisi osakana. Apite ku CDSS. Kuja magetsi alipo ndipo Computer Studies ndi phunziro loti ana amalemba pa MSCE, atha kupindula nawo kwambiri

Fanuel wa a Gulupu: Ayi. Zimenezo ndiye ayi. Katundu wa mwana wa m'mudzi mwathu awoloke mtsinje akakhale kwa anthu aja? Njerwa za sukulu imene ija anaumba makolo athu nthawi ikadali DEC, sukulu ya maphunziro a patali, atasintha kukhala CDSS 1998 anthu a kutsidya anayamba kunena kuti ndi yao, mu komiti mulibe wathu ndi mmodzi yemwe. Aiwala amene ankasenza mchenga

Madam Chisomo: Koma achimwene ana amene amasankhidwa kupita kumeneko ndi athu omwe, mng'ono wanu ali Form 2 konko

Fanuel wa a Gulupu: Zimenezo ndi zina

Dalitso Sola: Komanso funso, makinawo ndi a chaka chanji asisi? Chifukwa azungu akati tikutaya ndiye kuti atopa nawo. Tisalipire 3.6 mita kuitanitsa zinyalala zoti zikafika theka sizikuyaka. Ndalama yomweyo ku Lilongwe mupeza ma laputopu a kaunjika angapo abwinobwino, a batire, oti ka sola kochepa kakwana

Esnart Leeds: Dalitso zonse zikuyaka, ndaziona ndi maso anga. Anthu inu mumandikhumudwitsa bwanji. Ndimagwira usiku kusamala nkhalamba za eni kuti ndithandize kwathu, chobweza ndi kunditchulira zinyalala

Mai Naphiri: pepa mwana wanga usakwiye. ine sukulu sindinapite patali koma ndili mu mother group ndimaona. atsikana a std 6 7 8 masiku awo akafika sabwera chifukwa chimbudzi cha atsikana chinagwa ndi mvula ija, chatsala chimodzi chopanda chitseko moyang'anana ndi cha anyamata. komanso ana amakhala pansi dilesi imang'ambika makolo amadandaula sopo. madesiki alipo a std 8 okha. ine ndikanakonda chimbudzi kaye

Sir Mbewe: Amayi anena zoona ndipo mvetsani pamene zinayambira. 1994 a Muluzi atalengeza pulayimale yaulere ine ndinali pomwepo. Dziko lonse ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, kamodzinkamodzi. Pa sukulu yathu tsiku lotsegulira bwalo linadzaza, ena a ndevu kudzayamba Sitandade 1, ena mwana kumbuyo. Chinthu chabwino zedi, ambiri muli pa gulu pano munalowa nthawi imeneyo, fizi ikanakhalapo bwenzi ena mukuweta ng'ombe mpaka lero. Koma makalasi sanachuluke ndi ana. Tinatenga thabwa kulipaka makala osinja osakaniza ndi phala, kulikhoma pa mtengo wa mango, ndiye bolodi imeneyo. Mitambo ikangoda timawauza ana thawirani kwanu. Boma linalemba aphunzitsi osaphunzira ntchito masauzande, kuwaphunzitsa masabata ochepa, kenako nkudzawapititsa ku maphunziro a uphunzitsi a MIITEP akugwira kale ntchito. Dzenje limene linakumbika nthawi imeneyo silinakwiriridwebe, madesiki, zimbudzi, nyumba za aphunzitsi. Ndiye inu mukufuna kuika kompyuta pamwamba pa dzenje.

Sir Mbewe: Ndipo ku koleji ankatiphunzitsa TALULAR, kuphunzitsa ndi zimene zili pafupi. Zitsekerero za mabotolo powerengera, timitengo tomanga m'mitolo ya khumikhumi, makatoni kudula zilembo, mapu a Malawi oumba pansi ndi dothi nyanja yake kuthiramo phulusa. Ana anga ankakhoza PSLCE ndi zimenezo, ena anapita ku Dedza Government, wina ndi dokotala.

Yamikani Joni: Sir ulemu wanu koma zitsekerero sizingamulembe munthu ntchito 2025. Kuno ngakhale ya u security akufuna utumize CV pa email. Ine ndinachita kulipira mwana wa ku Zimbabwe kuti andilembere

Sir Mbewe: Anakulembera chifukwa cha kompyuta kapena chifukwa cha sipelo yako?

Dalitso Sola: 😂😂😂😂 Sir mwapha munthu

Yamikani Joni: Sipelo yanga munaphunzitsa ndinu

A Chair: Abale tiyeni tilemekezane. Walira mvula walira matope, ngati tikufuna makompyuta tivomere ndi zotsatira zake. Maganizo anga tilandire katunduyu, akafika tisunge kaye kwa abusa, kwinaku tikukankha a khansala ndi a MP kuti CDF itimangire chipinda

Sir Mbewe: CDF inayamba 2006 a Chair. Sitandade 1 ilibe chitseko mpaka lero. Ndipo kusunga kaye ndi mmene inayambira simenti.

Dalitso Sola: Komanso chipinda cha boma pano sangalole njerwa zootcha, analetsa 2018, akufuna mabuloko a simenti. Ndiye zoti tiumba tokha muiwale, ndipo simenti mmene inakwerera kwacha itagwa ndi 44% mu Novembala 2023 muja, bajeti ya 2019 ndi nthano

Msungichuma Zuze: Nchifukwa chake ndimanena kuti nyumba ija kuti ithe pakufunika ndalama ina, osati kumangonditukwana

Mai Naphiri: a zuze ine sindikutukwana koma matumba ena aja si anabwereka a kwa gulupu nthawi ya chiliza cha agogo aja? ife tinaona ngolo ikutuluka pa sukulu

Yamikani Joni: 👀👀👀

Fanuel wa a Gulupu: Mayi samalani pakamwa. Simenti ya chiliza tinagula tokha ku Nathenje

Mai Naphiri: ine ndangonena zimene ndinaona ngolo inali ya a malume ako

Msungichuma Zuze: Anabwereka matumba 8 ndipo ananena kuti abweza. Zinalembedwa

Fanuel wa a Gulupu: A Zuze mukunena chani inu

Msungichuma Zuze: Ndatopa kusenza ndekha mlandu Fanuel. Zaka zonsezi anthu akunditcha wakuba, mkazi wanga sapita ndi ku chigayo komwe mwamtendere. Funsa bambo ako

Yamikani Joni: Ndiye 40 kuchotsa 8, kuchotsa youma yosadziwika nambala, kuchotsa imene inamanga mpaka pa windo. Sir tithandizeni samuyi ndi zitsekerero

Sir Mbewe: Samu imeneyo ikufuna kope, osati pakamwa. Ndipo a Chair inu munasainira nawo ku banki, musakhale ngati mlendo.

A Chair: Ine ndinkasaina zimene komiti yagwirizana. Nkhani ya chiliza ndikuimva lero

Mai Naphiri: munali pa mwambo wake a chair munadya nawo nsima

Esnart Leeds: Abale ine funso langa silinayankhidwe. Ndiwauze chani azunguwa? Masiku akutha

Madam Chisomo: Asisi afunseni kaye chaka cha makinawo komanso ngati angapereke ma laputopu mmalo mwake, ngakhale 10. Komanso ahedi a sukulu yathu ali pa gulu pano? Tikukangana za sukulu yao iwo osawafunsa

A Chair: Ahedi anatuluka chaka chatha Sir atawanena za ndalama ya SIG, ija boma limapereka yotukulira sukulu

Sir Mbewe: Sindinawanene, ndinafunsa. Ndalama ya SIG imayenera kumatidwa pa bolodi kuti kholo lililonse lione yabwera zingati yagula chani. Ndinafunsa kuti pepala lili kuti. Munthu wosalakwa satuluka pa gulu.

Madam Chisomo: Sir nanunso nthawi zina mumafunsa ngati apolisi

Sir Mbewe: Ndipo ndipitiriza. Chinanso, ana mpaka lero akulipitsidwa ndalama ya mayeso a teremu ati yopulintira. Kale tinkalemba mayeso pa bolodi, mbali imodzi ukulemba mbali ina ukufufuta, wa kumbuyo akukopera funso molakwika nkulephera chinthu choti amachidziwa. Ngati pali makina amene sukulu ija ikuwafuna lero ndi kompyuta imodzi ndi pulinta imodzi mu ofesi, ka sola kake Dalitso atipangire mtengo wa pachibale. Imodzi. Osati 24.

Dalitso Sola: Imeneyo ndiye ndi nkhani, ndikhoza kupanga quotation mawa

Yamikani Joni: Ndinanena ine kuti mwana uyu akutsatsa malonda

Esnart Leeds: Kontena sikwera ndi kompyuta imodzi Sir

A Chair: Chabwino ndiika poll, aliyense avote. 1 tilandire onse apite ku pulayimale, 2 apite ku CDSS, 3 tikane timange chimbudzi ndi chitseko

Sir Mbewe: Poll imeneyo avota a ku Joni ndi a ku town amene ana awo ali ku private. Makolo enieni a ana aja ali ndi mafoni a mabatani, sali pano. Nkhani ipite ku msonkhano wa PTA.

Fanuel wa a Gulupu: Nambala 2 muichotse kaye. Ndipo palibe msonkhano uchitike pa bwalo la sukulu mayi Naphiri ndi a Zuze asanapepese. Ndawaimbira bambo, akuti nkhani ya chiliza ikakambidwe kubwalo Loweruka, kunyoza manda a mfumu ndi mlandu wa mbuzi

Mai Naphiri: ndibwera ndipo ndibwera ndi amene anakweza matumbawo pa ngolo

Msungichuma Zuze: Ine Loweruka ndili ku ukwati ku Salima

Yamikani Joni: Mbuziyo ikaperekedwa muilembe mu kope lomwe lija a Zuze